Ludwig Guttmann

Sir Ludwig Guttmann (3 Julayi 1899 – 18 Malichi 1980) anali dokotala wa ubongo ndi mitsempha yemwe anabadwira ku Germany m'banja lachiyuda ndipo pambuyo pake anakhala nzika ya Britain. Amadziwika chifukwa chosintha kasamalidwe ka anthu ovulala msana n'kufa ziwalo. Kale anthu ambiri ovulala motere sankakhalitsa, ndipo chimene chinkawapha kwenikweni chinali matenda a m'chikhodzodzo ndi impso komanso zilonda zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi. Guttmann anasonyeza kuti mavutowa akapewedwa, munthu wovulala msana angathe kukhala ndi moyo zaka zambiri ndiponso kubwerera ku ntchito. Ndiyenso anayambitsa masewera amene anadzakula n'kukhala Paralympics.

Ubwana ndi maphunziro

Guttmann anabadwira m'tauni ya Tost, m'dera la Upper Silesia, lomwe panthawiyo linali mbali ya Germany. Tauniyi masiku ano ili ku Poland ndipo imatchedwa Toszek. Ali ndi zaka zitatu, banja lawo linasamukira ku Königshütte, mzinda wa migodi ya malasha womwe tsopano umatchedwa Chorzów.

Mu 1917 anadzipereka kuthandiza pa chipatala cha anthu ochita ngozi mumzindawo. Kumeneko anaona mnyamata wina wogwira ntchito mumgodi amene anathyoka msana n'kufa miyendo. Madokotala sankayembekezera kuti angapulumuke, ndipo anamwaliradi patapita masabata asanu, tizilombo toyambitsa matenda titafalikira m'magazi ake. Guttmann anayamba maphunziro a udokotala pa yunivesite ya Breslau mu 1918, kenako anasamukira ku Freiburg kumene anamaliza mu 1924.

Ntchito ku Germany ndi kuthawira ku Britain

Atamaliza maphunziro, anagwira ntchito ku Breslau pansi pa Otfrid Foerster, katswiri wotchuka wa opaleshoni ya ubongo ndi mitsempha. Mu 1928 anapita ku Hamburg kukayambitsa gawo la opaleshoni yotereyi pa chipatala china, ndipo chaka chotsatira anabwerera ku Breslau kukakhala wothandizira wamkulu wa Foerster.

Chipani cha Nazi chitatenga boma mu 1933, madokotala achiyuda anachotsedwa m'zipatala za anthu onse. Guttmann anapita kukagwira ntchito pa chipatala cha Ayuda ku Breslau, ndipo mu 1937 anakhala mkulu wa madokotala pachipatalapo. Usiku wa pa 9 Novembala 1938, pamene nyumba, masitolo ndi masunagoge a Ayuda ankaphwanyidwa m'dziko lonse, iye analamula antchito ake kuti agoneke aliyense wofika pachipatalapo popanda kumufunsa mafunso. Tsiku lotsatira apolisi a Gestapo anabwera, ndipo Guttmann anawafotokozera matenda a munthu aliyense payekhapayekha. Mwa anthu 64 amene anagonekedwa, 60 anapulumuka osamangidwa.

Patangopita nthawi yochepa, boma linamulola kupita ku Portugal kukathandiza mnzake wa António Salazar, yemwe ankalamulira dzikolo. Ulendowu unamupatsa mpata wodutsa ku London, ndipo bungwe lothandiza akatswiri a maphunziro othawa kwawo linamukonzera njira yokhalira ku Britain. Iye, mkazi wake Else ndi ana awo awiri anafika ku Oxford pa 14 Malichi 1939. Kumeneko anachita kafukufuku wa mitsempha pa chipatala cha Radcliffe Infirmary, m'gawo lotsogoleredwa ndi Hugh Cairns.

Chipatala cha Stoke Mandeville

Pa Nkhondo Yoyamba Yapadziko Lonse, dokotala wa ku America Harvey Cushing anapeza kuti asilikali pafupifupi 80 mwa 100 alionse ovulala msana ankamwalira m'masabata oyambirira. Nkhondo Yachiwiri ili mkati, boma la Britain linkayembekezera kuti asilikali ambiri avulala motere akamakalowa ku Europe. Choncho mu Seputembala 1943 linapempha Guttmann kuti akhazikitse gawo losamalira ovulala msana pa chipatala cha Stoke Mandeville, ku Buckinghamshire. Gawoli linatsegulidwa pa 1 Febuluwale 1944, ndipo iye analitsogolera mpaka mu 1966. Anakhala nzika ya Britain mu 1945.

Vuto loyamba limene analimbana nalo linali la zilonda. Munthu amene wafa ziwalo samva kupweteka pamalo amene wagonera, ndipo satembenuka yekha. Magazi akasiya kuyenda bwino pamalopo, khungu ndi mnofu zimawola mpaka kufika pa fupa. Guttmann analamula kuti wodwala aliyense azitembenuzidwa maola awiri alionse, usana ndi usiku, ndipo ankafika m'mawodi mosayembekezereka, ngakhale usiku, kuti aone ngati lamuloli likutsatiridwa. Sankagwirizananso ndi kuthamangira kuchita opaleshoni pa fupa la msana. Iye ankakonda kugoneka wodwala mosamala pa mapilo kuti fupalo liwongoke n'kulumikizana lokha.

Chikhodzodzo ndi impso

Mtsempha waukulu wa mumsana ukaduka kapena kuphwanyika, uthenga wochokera ku ubongo sufikanso ku chikhodzodzo, ndipo mkodzo umangodzaza osatuluka. Nthawi imeneyo madokotala ankathana ndi vutoli m'njira ziwiri. Ena ankalowetsa kachubu m'njira ya mkodzo n'kukasiya momwemo. Ena ankachita opaleshoni yoboola pansi pa mchombo n'kuika chubu cholowa m'chikhodzodzo. Njira zonsezi zinkatsegulira khomo tizilombo. Matenda ankayambira m'chikhodzodzo n'kukwera mpaka ku impso, miyala inkapangika, ndipo patapita miyezi kapena zaka impso zinkasiya kugwira ntchito.

Guttmann ankatsutsa opaleshoni yoboola chikhodzodzo ngati chithandizo choyamba. M'malo mwake anakhazikitsa njira yolowetsa kachubu kangapo patsiku, kutulutsa mkodzo wonse, kenako n'kukachotsa nthawi yomweyo. Ntchitoyi inkachitidwa ndi dokotala, pogwiritsa ntchito zipangizo zophedwa tizilombo, ndipo mbali ya kachubu yolowa m'thupi sinkakhudzidwa ndi manja. Ubwino wake unali wakuti m'thupi simunkatsala chinthu choti tizilombo tikhalepo, komanso chikhodzodzo chinkadzaza ndi kuphwa monga mwa nthawi zonse, moti mwa odwala ena chinkayambiranso kutulutsa mkodzo chokha.

Mu 1966 iye ndi Hans Frankel anafalitsa zotsatira za njirayi pa odwala 476, ndipo anasonyeza kuti ambiri ankatuluka m'chipatala mkodzo wawo ulibe tizilombo. Vuto lake linali lakuti njirayi inkafuna antchito ambiri ophunzitsidwa bwino. Mu 1972 Jack Lapides wa pa yunivesite ya Michigan ku America anasonyeza kuti wodwala angathe kudzilowetsa yekha kachubu kunyumba, malinga wasamba m'manja ndipo kachubuko n'koyera. Njira imeneyi ndi imene ovulala msana ambiri amagwiritsa ntchito masiku ano.

Kafukufuku amene Frankel ndi anzake anafalitsa mu 1998, wotsatira odwala a ku Stoke Mandeville ndi Southport pa zaka 50, anasonyeza mmene zinthu zinasinthira. Mwa anthu amene anavulala m'zaka zoyambirira, matenda a m'njira ya mkodzo ndi impso ndi amene ankapha ambiri. Mwa amene anavulala m'zaka zomalizira za kafukufukuyo, matendawa anatsika kufika pa nambala 4, ndipo patsogolo panabwera matenda a m'mapapo ndi a mtima.

Masewera

Guttmann ankakhulupirira kuti kupulumutsa moyo wa wovulala si mapeto a ntchito. Cholinga chake chinali choti odwala abwerere kwawo, apeze ntchito ndi kumalipira msonkho ngati wina aliyense. Ankawaphunzitsa ntchito zamanja, ndipo masewera anali mbali ya chithandizo imene wodwala sankaloledwa kuizemba. Kuponya mivi kunkalimbitsa mikono, mapewa ndi msana, komanso munthu wa pa njinga ya olumala ankatha kupikisana ndi munthu woyenda.

Pa 29 Julayi 1948, tsiku limene masewera a Olympics ankatsegulidwa ku London, iye anakonza mpikisano woponya mivi wa anthu 16, amuna 14 ndi akazi awiri. Mpikisanowu unayamba kuchitika chaka ndi chaka, ndipo mu 1952 kunabwera gulu lochokera ku Netherlands. Mu 1960 masewerawa anachitikira ku Rome, ndipo kunali opikisana pafupifupi 400 ochokera m'mayiko 23. Amenewa ndi amene pambuyo pake anadziwika kuti ndi masewera oyamba a Paralympics.

Zaka zomaliza

Mu 1961 Guttmann anayambitsa bungwe la International Medical Society of Paraplegia, lomwe tsopano limatchedwa International Spinal Cord Society, ndipo anali mkonzi woyamba wa magazini yake yotchedwa Paraplegia. Mu 1966 Mfumukazi Elizabeth II inamupatsa ulemu wotchedwa Sir, ndipo mu 1976 anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society. Buku lake lalikulu lonena za kasamalidwe ka ovulala msana linatuluka mu 1973.

Odwala ake ankamutchula kuti Poppa, kutanthauza bambo, ngakhale kuti ankadziwikanso monga munthu wa malamulo okhwima amene sankafuna kutsutsidwa. Anadwala mtima mu Okutobala 1979 ndipo anamwalira pa 18 Malichi 1980 ali ndi zaka 80. Chipatala cha Institut Guttmann ku Barcelona, chomwe chinatsegulidwa mu 1965, chinatchulidwa dzina lake, ndipo mu 2012 wailesi ya kanema ya BBC inaonetsa filimu ya The Best of Men yonena za ntchito yake ku Stoke Mandeville.