Mwase Kasungu ndi Mfuti za Alungwana

Munthu wodutsa m'minda ya fodya ya ku Kasungu lero sangaganize kuti kale chuma cha dera limeneli chinali minyanga ya njovu. Minyangayo ndiyo imene Mfumu Mwase inali kusinthanitsa ndi mfuti ndi wonga kwa Alungwana a Jumbe wa ku Nkhotakota. Akapolo nawonso, tisabise, anali kuloŵa m'malondawo.

Mphamvu ya ufumu wa Mwase inagona pa kusunga ubwenzi ndi eni zida. Ndi mfuti zotere Acheŵa a ku Kasungu anapirikitsa Angoni pa Nguru ya Nawambe, pamene midzi yambiri ya anzawo inali kuthaŵira m'mapiri.

Koma ubwenzi womwewo ndiwo unamuphetsa. Angerezi atakhazikika ku Nkhotakota, Mwase analandira Saidi Mwazungu, Mlungwana amene iwo anali kumfuna. Mu December 1895 asilikali a boma, motsogozedwa ndi A. J. Swann ndi Lieutenant Alston, anathyola linga lake. Mwase anadzipha posafuna kugwidwa, ndipo Angereziwo anamanga linga lawolawo ku Kasungu, nalitcha Fort Alston.