Moctezuma, Mfumu ya ku Dziko la Cimanga

Mvula ikagwa, anthu a ku Mongue amabzala cimanga. Cikauma amakolola, amayi amasinja ndi kuphika nsima. Koma kalekale cimanga kunalibe kuno. Makolo ankadya nsima ya mapira ndi ya mawere. Cimanga kwawo ndi kutali, kutsidya kwa nyanja yaikulu yamcere, ku dziko la México. Anthu a kumeneko ndiwo anayamba kucilima, zaka zikwi zambiri zapitazo.

M'dziko limenelo munali mfumu dzina lake Moctezuma. Iye anabadwa ca m'ma 1466. Mtundu wake unali wa Aazteka. Atate ake, a Axayacatl, analinso mfumu. Ali mnyamata, Moctezuma anaphunzira kumenya nkhondo ndi kutumikira m'kacisi. Analowa ufumu ca m'ma 1502.

Mudzi wake waukulu unali Tenochtitlan. Mudziwo unamangidwa pa cilumba, pakati pa nyanja. Anthu ankayenda pa mabwato. Nanga minda ankalima pati? Ankatapa matope pansi pa madzi ndi kuwaunjika mpaka pakhale dimba. M'madimbamo ankabzala cimanga, nyemba, maungu, matimati ndi tsabola. Ana inu, kodi pa mbeu zimenezi pali imene simuidziwa?

Aazteka sankaphika nsima ngati ya kuno. Amayi ankawiritsa cimanga m'madzi a laimu kapena a phulusa. Cikafewa ankacipera pa mphero. Kenaka ankaumba timikate topyapyala ndi kutiocha pa phale lotentha. Timikate timeneti lero amati tortilla.

Moctezuma ankadyanso timikate tomweti, koma kudya kwake kunali kwacifumu. Ophika ankakonza ndiwo zamitundu yoposa 30, monga nkhukundembo, abakha, nsomba ndi nyama ya gwape. Atsikana ankabwera ndi madzi osamba m'manja. Akayamba kudya, ankamuchingira ndi thabwa kuti anthu asamuone. Pomaliza ankamwa cakumwa ca kakao, mbeu imene amapangira cokoleti. Anthu ankamuopa kwambiri. Obwera kwa iye ankavula nsapato, ndipo sankamuyang'ana kumaso.

Cuma conseci sicinkacokera m'minda yake yokha. Mitundu imene Aazteka anaigonjetsa inkapereka msonkho wa cimanga, nyemba, nsalu za thonje ndi nthenga zokongola. Anthu ena ogwidwa pa nkhondo ankaphedwa ngati nsembe m'kacisi. Cifukwa ca ici, mitundu yambiri inkadana ndi Aazteka.

Mu 1519 kunafika zombo za anthu a ku Espanha. Mtsogoleri wawo anali Hernán Cortés. Iwo anali ndi mfuti ndi akavalo, zinthu zimene Aazteka anali asanazionepo. Ankafuna golide. Anthu a ku Tlaxcala, adani a Aazteka, anagwirizana nawo. Pa 8 Novembala Moctezuma analandira alendowo. Anawapatsa mphatso, cakudya ndi malo ogona m'nyumba ya atate ake. Patapita masiku ocepa, alendo aja anamugwira ndi kumusunga m'nyumba yomweyo ngati wandende.

Anthu a m'mudzi anakwiya ndipo nkhondo inabuka. Moctezuma anamwalira kumapeto kwa Juni 1520. Anthu a ku Espanha analemba kuti anagendedwa miyala ndi anthu ake omwe. Aazteka anafotokoza kuti anaphedwa ndi alendowo. Caka comweco nthomba, imene inabwera ndi zombo, inapha anthu ambirimbiri. Mu Ogasiti 1521 mudzi wa Tenochtitlan unagonja. Ogonjetsawo anagumula kacisi wamkulu, ndipo pamwamba pa mabwinja anamangapo mzinda watsopano, umene lero ndi likulu la México.

Nazo mbeu za dzikolo zinayamba ulendo. Zombo zinatenga cimanga kupita naco ku Ulaya. M'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 amalonda, makamaka Apwitikizi, anacifikitsa ku magombe a Afirika. Pang'ono ndi pang'ono cinalowa kumtunda, mpaka cinafika m'minda ya ku Milange.

Kacisi uja anakhala wokwiririka zaka zoposa 400. Mu 1978 anchito a magetsi ankakumba dzenje pakati pa mzinda. Mwadzidzidzi anagunda cimwala cozungulira, cosemedwa bwino, cacikulu kuposa mamita 3. Akatswiri a zinthu zakale anapitiriza kukumba, ndipo anapeza makwerero ndi makoma a kacisiyo. Mu 1987 anatsegula pambali pake nyumba yosungiramo zinthu zakale. Malowo amachedwa Templo Mayor.

Lero ana a sukulu ndi alendo amayenda m'mabwinjamo. M'nyumba muja amaona cimwala cija, mipeni yamwala ndi zigoba za nkhono za m'nyanja. Mulinso mphika wadothi wokhala ndi cithunzi ca mulungu wawo wamkazi, atagwira cimanga m'manja mwake. Alendowo akamva njala, amatuluka ndi kukagula tortilla wotentha m'mbali mwa mseu.