Leo Baeck: Rabi Amene Anakhala ndi Anthu Ake

Leo Baeck anabadwa m'chaka cha 1873 ku Lissa, mzinda umene panthawiyo unali wa Germany koma lero uli m'dziko la Poland. Monga atate wake, iyenso anakhala rabi, ndiye kuti mphunzitsi wa chipembedzo cha Chiyuda. Mu 1912 anaitanidwa kukatumikira ku Berlin, ndipo pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse anali mlangizi wauzimu wa asilikali achiyuda m'gulu la nkhondo la Germany. Germany linali dziko lakwawo.

Adolf Hitler atatenga ulamuliro mu 1933, Ayuda pafupifupi 500,000 a m'dzikomo anakumana ndi funso lowawa: kukhala kapena kuthawa? Chaka chomwecho Baeck anasankhidwa kutsogolera bungwe loimira Ayuda onse a ku Germany. Mu 1935 malamulo a ku Nuremberg anawalanda ufulu wa unzika, ndipo mu Novembala 1938 masunagoge awo anatenthedwa.

Yankho la Baeck linali la mbali ziwiri. Amene akanatha kuchoka anawathandiza kuchoka. Bungwe lake linachirikiza sukulu za ana achiyuda ndi kuphunzitsa achinyamata ntchito zamanja zokawathandiza kuchilendo. Koma iye mwini anakana mwayi uliwonse wothawa, pakuti okalamba, odwala ndi osauka analibe kolowera. Mu 1939 anaperekeza ana ku England, nabwerera ku Berlin.

Mu Januwale 1943 anatengedwa kupita ku msasa wa Theresienstadt, kumene alongo ake anayi anafera. Kumeneko anatonthoza akufa ndi kuphunzitsa akaidi anjala za nzeru zakale, kuti asaiwale kuti iwo ndi anthu. Atamva kuti ku Auschwitz anthu akuphedwa ndi mpweya wapoizoni, sanauze anzake, poopa kuwachotsera chiyembekezo chotsala. Ena amtsutsa pa chimenechi kufikira lero.

Msasawo utamasulidwa mu Meyi 1945, Baeck anapita kukakhala ku London, kumene anamwalira mu 1956. Boma linamlanda unzika, koma silinathe kumlekanitsa ndi anthu ake.

Mafunso okambirana: Kodi mtsogoleri angadziwe bwanji nthawi yokhala ndi nthawi yothawa? Kodi Baeck anachita bwino kubisa zimene anamva? Werengani Estere 4 ndi kuyerekeza chosankha cha Estere ndi cha Baeck.