Alexander Graham Bell, mphunzitsi amene anakweza mawu pa kuwala

Ife amene tinakulira kwa Kasisi ku Chikwawa tikukumbukira masewera awiri aubwana: kuthwanimitsa dzuwa m'maso mwa anzathu ndi kaphale ka kalilole, ndiponso kuyankhulana pa zitini zolumikiza ndi ulusi. Bell anaphatikiza ziwirizi n'kupanga chipangizo chenicheni.

Anabadwira ku Edinburgh pa 3 Marichi 1847. Mayi ake anali ndi vuto la kumva, ndipo mkazi amene anadzakwatira, Mabel Hubbard, anali wosamva. Ntchito yake inali yophunzitsa ana osamva ku Boston, n'chifukwa chake anafufuza kwambiri mmene mawu amayendera. Ambiri timangomudziwa ndi telefoni ya 1876, koma mwiniwake ankanyadira koposa photophone, imene anapanga ndi Charles Sumner Tainter mu 1880.

Kagwiridwe kake kanali motere. Munthu ankayankhulira pa kalilole wopyapyala amene dzuwa linkamuwomba. Mawuwo ankanjenjemeretsa kaliloleyo, choncho kuwala konyezimira kunkasinthasintha motsatira mawu. Kutsidya, kuwalako kunkagwera pa selenium, chinthu chimene chimadutsitsa magetsi ambiri chikawalidwa kwambiri, ndipo magetsiwo ankabwezanso mawu aja. Mu Juni 1880 ku Washington, mawu anayenda mamita 213 popanda waya. Mtambo ukangophimba dzuwa, zonse zinkati zii. Dzuwa lathu la Okutobala likanamuthandiza ndithu.

Lero intaneti imayenda ngati kuwala m'timitsempha ta galasi. Akatswiri amasemanso tinjira tating'onoting'ono pa silicon, mmene kuwala kumanjenjemeretsa chinthucho, kunjenjemerako n'kusinthanso kuwala. Léon Brillouin wa ku France analongosola kugundana kwa kuwala ndi kunjenjemera kotereku mu 1922.

Komabe ife ophunzira zauphunzitsi sitingamuyamikire pa zonse. Bell ankalimbikira kuti ana osamva aphunzire kuyankhula ndi pakamwa ndi kuwerenga milomo, ndipo sankafuna kuti sukulu zidalire chinenero chamanja. Maganizo otere anafala, ndipo ana ambiri analetsedwa chinenero chimene ankamasuka nacho. Apa analakwa, ngakhale ankaganiza kuti akuthandiza. Ana otere tidzawapeza m'makalasi mwathu.

Anamwalira pa 2 Ogasiti 1922 ku Nova Scotia, m'dziko la Canada. Pa tsiku la maliro ake, matelefoni a ku United States ndi Canada anazimitsidwa kwa mphindi imodzi.