William Murray, Womasulira Buku Lopatulika

M'boma la Rufunsa, kuyambira ku Chinyunyu kufikira ku mlatho wa Luangwa, mipingo yambiri imawerenga Buku Lopatulika tsiku la Sabata. Ana amaloweza mau ace, koma ndi owerengeka amene adziwa dzina la munthu amene anatsogolera nchito yoika bukuli m'Cinyanja. Munthuyo anali William Hoppe Murray.

Azungu a ku Scotland nawonso ali ndi ziwongo, monga Aphiri, Atembo ndi Amwale a kuno. Ciwongo ca Murray cinacokera ku dera lochedwa Moray, kumpoto kwa dzikolo. M'zaka za m'ma 1100 Mfumu David Woyamba anapatsa malo kumeneko kwa munthu wina dzina lace Freskin. Zidzukulu zace zinayamba kudziwika ndi dzina la dera lomwelo, ndipo pang'onopang'ono dzinalo linasanduka Murray. Mbumbayo inaculuka, ena nakhala mafumu, ena alimi osauka.

Agogo ace a William, Andrew Murray, anali a ku Clatt, kamudzi ka alimi m'cigawo ca Aberdeen. M'caka ca 1822 anaoloka nyanja kudzakhala mbusa wa Mabunu ku Graaff-Reinet, ku South Africa, ndipo anatumikira mpingo umodzimodziwo kufikira imfa yao m'caka ca 1866. Ana ao aamuna ambiri anakhala abusa, ndi zidzukulu zomwe, kotero kuti banjali linasanduka ngati nkhokwe ya Mpingo wa Dutch Reformed. Dzina linali la Ciskoti, koma ana anakula alikulankhula cinenero ca Mabunu pamodzi ndi Cingerezi.

William anabadwa m'caka comweco ca 1866. Mbale wace, Andrew Charles Murray, ndiye anayamba kufika ku Nyasaland, dziko limene tsopano lichedwa Malawi, ndipo m'caka ca 1889 anamanga misoni ya Mvera pamodzi ndi Mbusa Vlok. William anamtsata m'caka ca 1894. Mbale waceyo atabwerera kwao, utsogoleri wa misoni yonse unagwera iye.

Masiku amenewo panali bvuto lalikuru. Cinyanja sicinali cimodzi ai. Amang'anja a ku Shire anali ndi kalankhulidwe kao, Acewa a ku mapiri kao, anthu a m'mphepete mwa nyanja kaonso, ndipo misoni iri yonse inali kumasulira zidutswa za Malembo monga mwa anthu ace. Cikhala kuti zinapitirira cotero, mwana wa ku Blantyre sakadatha kuwerenga buku limodzi ndi mnzace wa ku Chipata. Cifukwa cace m'caka ca 1900 amisoni anapangana kuti pakhale buku limodzi la onse, losanganiza Cimang'anja ndi Cicewa. Dr. Alexander Hetherwick wa ku Blantyre anathandiza kwambiri, koma katundu wolemera anasenza ndi Murray.

Mbali ina ya nchitoyi anaigwirira pa phiri la Kaso, pafupi ndi Mvera, kumene kunalibe phokoso la pa misoni. Sanagwire yekha, pakuti mlendo, ngakhale acenjere cotani, satha kudziwa kukoma kwa mau monga mwini cinenero. Jonathan Sande, Ishmael Mwale ndi Wilibesi Chikuse ndiwo anali makutu ace, ndipo maina ao ayenera kuchulidwa pamodzi ndi lace. Liu liri lonse linafunika kuyesedwa kawiri: ngati ligwirizana ndi Cihebri kapena Cihelene, ndiponso ngati nkhalamba ya kumudzi ingalimve. Malembo anena za ngamila, mphesa ndi akacisi amiyala, zinthu zimene anthu a kuno anali asanazione, ndipo zonsezi zinafuna maina.

Cipangano Catsopano cinaturuka m'caka ca 1907, koma buku lathunthu linasindikizidwa m'caka ca 1922, patapita zaka 22 cipanganire. Murray sanakhutire nalo. Anabwereranso kulikonza, ndipo lokonzedwalo linaturuka m'caka ca 1936. Kuno ku Zambia bukuli linafalikira kupyolera m'mamisoni monga Magwero, imene inayamba m'caka ca 1899, ndipo Ansenga, Angoni ndi Acikunda ambiri anaphunzirira kuwerenga m'menemo.

Murray anapuma pa nchito m'caka ca 1937, atakhala m'dziko la Acewa zaka 43, ndipo anamwalira m'caka ca 1947. Mwana wace wamkazi, Pauline, anakhala dokotala pa cipatala ca Nkhoma, ndipo sukulu ya sekondale ya pa Nkhoma pomwepo inapatsidwa dzina lakuti William Murray.