SEBITWANE, MFUMU YA AKOLOLO

Sebitwane anabadwa cakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 pakati pa Afokeng, anthu olankhula Cisutu, m'dziko limene lero likuchedwa South Africa. Nkhondo za Mfecane zitapasula midzi yao, iye anasonkhanitsa otsala nayamba ulendo wa kumpoto m'caka ca 1823. Anapyola dziko la Atswana, kulandidwa ng'ombe ndi kulandanso zina, kufikira anaoloka Zambezi nakhala kanthawi pakati pa Atonga. Andebele a Mzilikazi atamsautsa, analowera kumadzulo ku Bulozi. Kumeneko anapeza ufumu uli wogawanika, pakuti ana a Litunga Mulambwa, Silumelume ndi Mubukwanu, anali atalimbirana mpando. Ca m'ma 1840 cigwa conse cinagwa m'manja mwace.

Funso nali: kodi gulu laling'ono la alendo, lodwaladwala malungo, linalamulira bwanji mitundu yoculuka cotere? Yankho liri m'mene Sebitwane anali kuyesera munthu ali yense, cimene adziwa kucita ndi kumene mtima wace uli.

Kwa ankhondo ace anali wouma mtima. Awa anali akatswiri a nthungo, cotero sanafune kuwaphunzitsa kanthu. Cimene anafuna kwa iwo ndi kulimba mtima basi. Mafumu ena anali kutuma magulu ao iwo ali khale kumudzi, koma iye anali kutsogolera yekha ndi nkhwangwa m'manja, ndipo wothawa nkhondo anali kumpitikitsa ndi kumupha. Zinali zoopsa ndithu, ndipo sitizibisa.

Alozi anawatenga mwa njira yina. Iwo anali kudziwa madzi, mabwato ndi ulimi wa m'cigwa, zinthu zimene Akololo, anthu a kumtunda, sanazidziwe konse. Nzeru anali nazo, koma mtima wao sunali kwa mfumu yacilendoyi, ndipo mtima sukokedwa ndi nkhwangwa. Tsono anasiya nduna zambiri pa maudindo ao, anakwatira akazi a mitundu yogonjetsedwa, nalera ana a banja lacifumu pabwalo pace, mmodzi wa iwo ndiye Sipopa. Anthu onse anawayesa ana a mfumu.

Luso la opalasa bwato linampulumutsa. Andebele atabweranso, anaika mbuzi pa cisumbu cina cacikuru ca m'Zambezi, ndipo anthu a mabwato anaolotsera adaniwo pa cisumbupo nawasiya. Mbuzi zitatha, njala inawafooketsa; akuluakulu anaphedwa, acinyamata analandiridwa mu mtundu. Nchito yotere sakanaipatsa munthu amene sanamkhulupirire.

Nanga amphawi ndi alendo obwera kudzagulitsa makasu kapena zikopa? Awa analibe mphamvu, ndipo anali kufika ndi mantha. Mfumu inali kupita yokha kukakhala nao pansi, kuwafunsa za njala, ndi kuwapatsa cakudya ca ufa, mkaka ndi uci. Pobwerera kwao anali kufalitsa mbiri yace kutali.

David Livingstone ndi William Oswell anakomana naye m'caka ca 1851. Patangopita masabata owerengeka, m'mwezi wa July, Sebitwane anamwalira ndi nthenda ya m'cifuwa. Ufumu anausiyira mwana wace wamkazi Mamochisane, amene anaupereka kwa mlongo wace Sekeletu.

Sekeletu sanatsate mapazi a atate wace. Atadwala khate anayamba kukayikira anthu, nadzizinga ndi Akololo okhaokha, ndipo Alozi anasanduka anchito cabe. Anamwalira m'caka ca 1863. Caka cotsatira, 1864, Alozi motsogozedwa ndi Njekwa anaukira, napha amuna Acikololo, naika Sipopa pampando. Akazi ndi ana anasungidwa, ndipo cilankhulo cao ndico cinabala Cilozi cimene cilankhulidwa lero ku Mongu, Senanga ndi Sesheke.