MUHAMMAD SADIQ BEY: MUNTHU WOYAMBA KUJAMBULA MADINA NDI MAKKA

 

M'masiku a Eid-ul-Adha mitima ya Asilamu imakhala ku Makka pamodzi ndi abale athu amene akuchita Hajj. Ambiri mwa ife sitinapondeko kumeneko, komabe ngakhale mwana wa ku madrasa akaona Ka'aba pa kalendala amaizindikira nthawi yomweyo. Makolo athu akale analibe mwayi umenewu. Iwo ankangomva ndi makutu kuchokera kwa amene anapitako, ndipo aliyense ankaiona Ka'aba m'maganizo mwake mokha. M'kabuku ka chaka chino tasankha kukumbukira munthu amene anayamba kuonetsa dziko lonse maonekedwe enieni a mizinda iwiri yopatulikayi. Dzina lawo ndi Muhammad Sadiq Bey.

KUBADWA NDI MAPHUNZIRO

A Sadiq anabadwira mu mzinda wa Cairo, ku Egypt, m'nthawi ya ulamuliro wa Muhammad Ali Pasha. Wolamulira ameneyu ankatumiza anyamata anzeru ku Ulaya kuti akaphunzire ntchito zosiyanasiyana ndi kubwerera kudzatumikira dziko lawo. A Sadiq anayamba maphunziro a usilikali kwawo konko, kenaka anakapitiriza ku Paris, m'dziko la France. Anabwerako ali injiniya wa gulu la nkhondo, katswiri woyeza malo ndi kulemba mapu.

Ku Paris komweko ndi kumene luso lojambula ndi kamera linalengezedwa koyamba mu 1839. A Sadiq analiphunzira lusoli, ndipo kwa iwo kamera inali chida cha ntchito monga chingwe choyezera ndi cholembera.

ULENDO WA KU MADINA MU 1861

M'chaka cha 1861 boma la Egypt linawatuma kukayeza njira yochokera pa doko la al-Wajh, m'mbali mwa Red Sea, kukafika ku Madina. Boma linkafuna kudziwa kutalika kwa njirayo, pamene pali zitsime, ndi malo amene anthu a paulendo angagone. Pakati pa katundu wawo a Sadiq ananyamula kamera, ndipo atafika anajambula mzindawo ndi Mzikiti wa Mtumiki (S.A.W.). Izi ndizo zithunzi zoyamba zodziwika za Madina.

Anafika pa nthawi yabwino. Ntchito yaikulu yomanganso mzikitiwo, imene analamula Sultan Abdulmecid wa ku Turkey, inali itatenga zaka zoposa khumi ndipo inkafika kumapeto cha m'nyengo yomweyo. Denga lobulungira lija la pamwamba pa manda a Mtumiki (S.A.W.) linali litapakidwa utoto wobiriwira mu 1837. Mzinda wonse unali waung'ono, wozunguliridwa ndi linga lokhala ndi zipata, kunja kwake kuli minda ya tende.

Kuti tione kutalika kwa nthawiyi tiyerekeze ndi kwathu kuno. Mu 1861 momwemo Jumbe Salim bin Abdallah anali atakhazikika ku Nkhotakota, ndipo David Livingstone ndi John Kirk anali kuyenda pa nyanja yathuyi ndi bwato. Blantyre kunalibe, njanji kunalibe.

KUJAMBULA KUNALI NTCHITO YA THUKUTA

Lero munthu amangotulutsa foni m'thumba, kudina kamodzi, chithunzi chatheka. M'masiku amenewo sizinali choncho ayi. Kamera inali bokosi lalikulu la matabwa loima pa miyendo itatu, ndipo chithunzi chinkagwidwa pa galasi. Wojambula ankathira mankhwala omata otchedwa collodion pa galasilo, n'kuliviika m'madzi a siliva ali mu mdima, n'kulilowetsa mu kamera lidakali lonyowa. Akajambula ankathamangira nalo mu tenti ya mdima kukalitsuka lisanaume. Zonsezi zinkayenera kutha pa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Galasi likauma msanga, ntchito yonse yapita pachabe.

Tsono taganizani za chipululu cha Hijaz. Dzuwa la kumeneko limaposa la kuno kwathu mu October. Fumbi likagwera pa galasi lonyowa limasiya madontho. Madzi oyera otsukira ndi osowa, pakuti ngakhale akumwa amachita kuyeza. Magalasi ndi mabotolo a mankhwala ankayenda pa msana wa ngamila masiku ambiri, ndipo kupunthwa kumodzi kwa ngamila kukanaswa zonse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo a Sadiq anali munthu wodekha.

Lipoti la ulendowu pamodzi ndi mapu ake linasindikizidwa ku Cairo mu 1877. Chaka cha 1876 zithunzi zawo za Madina zinaonetsedwa pa chionetsero chachikulu ku Philadelphia, m'dziko la America.

MSUNGICHUMA WA ULENDO WA HAJJ MU 1880

Kale dziko la Egypt ndilo linkasoka Kiswa, nsalu yakuda yovindikira Ka'aba, ndi kuitumiza ku Makka chaka ndi chaka. Nsaluyi inkapita ndi mdipiti waukulu wa anthu a Hajj, ndipo patsogolo pake pankayenda ngamila yosenza Mahmal, kanyumba ka matabwa kokutidwa ndi nsalu zopetedwa, kosakwera munthu, koimira ulemu wa wolamulira. Mdipitiwu unkanyamulanso ndalama zambiri: zothandizira anthu a ku Makka ndi Madina, ndi zopatsa mafuko a m'chipululu kuti njira ikhale ya mtendere.

Mu 1880 a Sadiq anasankhidwa kukhala msungichuma wa ulendo umenewu. Udindo wotere sapatsa munthu wamba. Amapatsa amene anthu amudziwa kuti ndi wokhulupirika. Anayenda pamtunda kudzera ku Suez, Sinai ndi Aqaba, n'kutsika m'mbali mwa nyanja mpaka ku Makka. Pamwamba pa ntchito yowerengera ndalama ndi ibada yawo ya Hajj, anapezanso mpata wojambula.

Anajambula Ka'aba ndi bwalo la Masjid al-Haram anthu atadzaza. Anajambula mahema a ku Mina ndi khamu la pa Arafat. Pamene malo anali aakulu koti sangakwane pa galasi limodzi, ankajambula zigawozigawo n'kulumikiza zithunzizo kuti zikhale chimodzi chachitali. Anajambulanso Sheikh Umar al-Shaibi, amene ankasunga kiyi wa Ka'aba, wa banja la Banu Shaiba limene lasunga kiyi ameneyu kuyambira m'nthawi ya Mtumiki (S.A.W.) mpaka lero. Kuchokera ku Makka anapita ku Madina, n'kukajambulanso mzinda umene anauona zaka 19 m'mbuyomo.

Mu 1881 zithunzizi zinapita ku msonkhano wa akatswiri a mapu ndi malo ku Venice, m'dziko la Italy, ndipo a Sadiq analandira mendulo ya golide. Tikumbukire kuti munthu wosakhala Msilamu saloledwa kulowa mu Makka. Choncho anthu a kunja ankangodalira zojambula za pamanja, zina mwa izo zongopeka. Amene anabweretsa chithunzi choona anali Msilamu, wopita kumeneko ngati mlendo wa Allah.

MABUKU AWO

A Sadiq sanasiye zithunzi zokha. Mu 1881 anatulutsa buku lotchedwa Mash'al al-Mahmal, kutanthauza muuni wa Mahmal, lofotokoza ulendo wa 1880. Patapita zaka zochepa anapitanso ku Hajj pa udindo womwewo, koma ulendo uno mdipiti unakwera sitima ya pamadzi kuchokera ku Suez. Za ulendo umenewu analemba mu Kawkab al-Hajj, nyenyezi ya Hajj. Mu 1896 anasonkhanitsa zimene anaona pa maulendo onse m'buku la Dalil al-Hajj, namulondola wa munthu wopita ku Hajj.

M'mabukuwa analembamo zimene mlendo amafunadi kudziwa: kutalika kwa mtunda kuchokera pogona pena kukafika pena, zitsime za madzi abwino ndi za madzi owawa, malinga a m'njira, makhalidwe a anthu a m'mizindamo, ndi ndondomeko ya mapemphero a Hajj. Anayezanso mizikiti ndi kulemba mamangidwe ake monga injiniya.

Kuika chithunzi m'buku m'zaka zimenezo kunali kovuta. Makina osindikizira sankatha kutulutsa bwino chithunzi cha kamera. Chithunzi chilichonse chinkatsukidwa pachokha pa pepala lopakidwa choyera cha dzira, n'kumatidwa pa pepala lolimba. Njira ina inali yakuti mmisiri akopere chithunzicho pogoba pa thabwa kapena pa chitsulo. N'chifukwa chake zithunzi zenizeni za a Sadiq zilipo zowerengeka, ndipo zimasungidwa mosamala kwambiri m'nyumba zosungiramo mabuku ndi zinthu zakale.

Njira imene anatsegula inatsatidwa ndi ena. Dokotala wa ku Makka, al-Sayyid Abd al-Ghaffar, anajambula mzindawo m'zaka za m'ma 1880. Zithunzi zake zinatuluka ku Leiden mu 1889 m'buku la Snouck Hurgronje wa ku Holland, koma dzina la wojambulayo silinalembedwe. Linadzadziwika bwino patapita zaka zambiri. Mu 1925 Ibrahim Rif'at Pasha, amene anatsogolerapo mdipiti wa Egypt, anatulutsa Mir'at al-Haramayn, mabuku awiri okhala ndi zithunzi mazanamazana.

MAYESERO NDI IMFA

Moyo wa a Sadiq sunali wa mamendulo okhaokha. Mayi a kunyumba kwawo, amene anakhala nawo zaka zambiri, anamwalira ali ku Hijaz ndipo anaikidwa ku Madina. Mwamunayo anabwerera yekha ku Cairo, n'kupitiriza ntchito yolemba. Pa usilikali anakwera mpaka kufika pa udindo waukulu ndi kupatsidwa dzina la ulemu la Pasha. Anamwalira mu 1902. Allah awakhululukire ndi kuwachitira chifundo.

ZIMENE ANAJAMBULA ZAMBIRI KULIBENSO

Munthu wochita Hajj lero akaona zithunzi za 1880 amadabwa. Ka'aba ndi yomweyo, koma zambiri zoizungulira zinasintha. Pa zithunzizo bwalo ndi lozunguliridwa ndi makonde a timadenga tobulungira amene anamalizidwa mu 1577, ndi nsanja zisanu ndi ziwiri zoitanirapo adhana. Pafupi ndi Ka'aba panali malo anayi oimapo ma imamu a madhhab anayi. A Shafi'i, amene Asilamu ambiri a ku Malawi timatsata, malo awo anali pamwamba pa nyumba ya chitsime cha Zamzam. Pakati pa Safa ndi Marwa panali msewu wa mu mzinda, masitolo uku ndi uku. Pa phiri panali linga la Ajyad.

Anthu a Hajj atachuluka, boma la Saudi Arabia linayamba kukulitsa mzikitiwo mu 1955. Msewu wa Safa ndi Marwa unalowa m'kati mwa mzikiti, nyumba ya Zamzam ndi malo anayi aja zinachotsedwa kuti anthu azizungulira Ka'aba momasuka, ndipo linga la Ajyad linagwetsedwa mu 2002. Pamalopo pali nsanja yaitali ya wotchi. Mahmal inasiya kulowa mu Makka pambuyo pa 1926, ndipo Kiswa imasokedwa ku Makka komweko. Kukulitsaku kunafunika, pakuti mu 2023 anthu oposa 1.8 miliyoni anachita Hajj. Koma pakadapanda munthu woyeza, kujambula ndi kulemba, sitikadadziwa bwino mmene malowa ankaonekera kwa amene anatitsogolera.

PHUNZIRO KWA IFE

Kuno kwathunso zoterezi zinachitika. Mungo Murray Chisuse, wosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre, anali mmodzi mwa Amalawi oyamba kugwira kamera, ndipo anajambula John Chilembwe ndi banja lake. Tchalitchi cha njerwa cha ku Mbombwe chinagwetsedwa ndi boma la atsamunda mu 1915, koma maonekedwe ake tikuwadziwa chifukwa cha zithunzi.

Nanga ifeyo? Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 mizikiti yambiri ya dothi ndi udzu m'mbali mwa nyanja muno yalowedwa m'malo ndi ya njerwa ndi malata. Alhamdulillah, ndi chitukuko. Koma ndi angati mwa ife amene angaonetse mdzukulu mzikiti umene agogo ake ankaswaliramo? Ndani akudziwa chaka chimene unamangidwa, mfumu imene inapereka malo, kapena shehe amene anayamba kuphunzitsamo? Madzi akatayika saoleka.

Pa nkhani ya zithunzi za anthu ndi nyama, ma ulama amasiyana maganizo, ndipo wofuna kumvetsa afunse kwa mashehe athu. Koma kujambula khoma, mihrabu, chitseko chogoba, chitsime cha wudhu kapena ubao wa ana a madrasa, kuyeza m'litali ndi m'lifupi mwa nyumba, ndi kulemba zimene akuluakulu akukumbukira, ndi ntchito imene wachinyamata aliyense angaigwire.

Choncho tikupempha mabanja: pamene mwasonkhana pa Eid ino, khalani pansi ndi agogo, afunseni za mzikiti wakale, ndipo lembani mu kope. Ngati muli ndi zithunzi zakale, lembani kumbuyo kwake malo, chaka ndi dzina la wojambula, n'kuzisunga pouma, kutali ndi chiswe. Zimene zili mu foni zitsukitseni pa pepala, pakuti foni imatayika. Ndipo musanagumule nyumba iliyonse ya Allah kuti mumange yatsopano, yambani mwaijambula ndi kuiyeza.

Allah alandire Hajj ya abale athu, alandire nsembe zathu, ndipo atipatse nafenso mwayi wokaona ndi maso athu malo amene a Muhammad Sadiq anajambula. Amin. Eid Mubarak.